Alamu inalira masiku anayi, ife tinkati ndi batire: nkhani ya besimenti ina ku Leeds

Ndimagwira ntchito ya gasi ndi maboyila kuno ku Leeds, ndili m'kaundula wa Gas Safe, wa anthu ovomerezeka kugwira ntchito ya gasi, ndipo zomwe ndikulembazi zinachitika mu Novembala 2023. Maina sinditchula, nyumbayo sindiilozanso, koma anzanga a gasi, a magetsi, mabiluda komanso inu amene mwagula nyumba zochititsa lendi kuno ku UK ndikufuna muimve bwinobwino nkhaniyi, chifukwa panangotsala pang'ono kuti tiyambe kusonkha ndalama zotumizira maliro kumudzi.

Nyumba yake ndi zija zakale za njerwa zofiira zogundizana mzere umodzi, zomwe zangoti mbwee ku Harehills ndi ku Beeston. Zambiri zili ndi chipinda chapansi pa nthaka, eni dziko amati cellar, ife tinangozolowera kunena kuti besimenti, kale ankasungiramo malasha. Landilodi wake ndi bambo ena akwathu, munthu wachikulire ndithu, aulemu wawo, ndipo ine ndinafikako koyamba mu 2021 kukachita cheki ya gasi ija ya chaka ndi chaka. Nthawi imeneyo besimentiyo inali njerwa zokhazokha, chinyontho, mita ya gasi pakona, ndi boyila yakale ya open flue itakhala pansi. Kwa amene si a ntchitoyi, boyila ya mtundu umenewu imakoka mpweya woyakira moto kuchokera m'chipinda momwe yakhalamo, utsi wake nkumakwera mu chumuni, nde moyo wake wonse uli pa mabowo olowetsa mpweya. Pamenepo panali njerwa ziwiri za mabowo pakhoma la kumsewu, kuphatikiza chibowo chakale chothirira malasha. Ndinaiyeza, inkakoka bwino, ndinailembera pepala, ndinalembanso kuti yakalamba aganizire zosintha. Ndinasiya alamu ya carbon monoxide (CO mwachidule, mpweya wakupha wotuluka moto ukamayaka moperewera mpweya) ya batire yomatiratu pashelefu pafupi nayo. Basi ndinapita.

2022 sanandiitane. 2023 sanandiitanenso, ine ndinkangoti mwina anapeza wina wotchipa. Zomwe ndinadzamva pambuyo pake nzakuti chapakati pa 2023 anaitana biluda wina wolipidwa kashi, nkuisandutsa besimentiyo chipinda chogona. Anamata makoma ndi pulasitiki yoletsa chinyontho, insulation, plasterboard, penti, kapeti, anaikamo kashawa ndi toileti ndi fani yotulutsa nthunzi. Boyila anaimangira kabati yomwe chitseko chake chimatsegukira kuchipinda chogonacho. Njerwa za mabowo zija anazitseka zonse ati zimalowetsa mphepo yozizira, chibowo cha malasha anaikapo kagalasi kosatsegula. A building control ku khansolo, oona ngati zomanga zikutsata malamulo, sanauzidwe kanthu. Kunena zoona mukalowa mumaona chipinda chokongola, ndipo vuto lake ndi lomwelo, palibe chomwe diso lingakuuze.

Mu Ogasiti munalowa mtsikana wa zaka za m'ma 20, wangobwera kumene kuchokera ku Malawi pa viza ya ntchito ya care, amagwira naiti. M'mwamba munali anyamata atatu, aliyense chipinda chake. Miyezi yofunda boyila inkangoyaka pang'ono kutenthetsa madzi nde palibe anadandaula. Kuzizira kutayamba kumapeto kwa Okutobala anayatsa hita, boyila nkumayaka maola ambiri, mutu wa mtsikana uja unayambira pamenepo.

Lolemba lina bambo aja anandiimbira. Akuti mphwanga, kaalamu munasiya kaja kakusokosa, anyamata sakugona, ndi batire basi, mutibweretsere kena. Ine ndinali pansi pa sinki kwina kwake, ndinangoti chabwino bambo ndidutsa Lachisanu. Apa ndinalakwa ndipo mpaka lero zimandipweteka mumtima. Sindinafunse kuti kakulira motani. Batire ikamatha kapena alamu ikakalamba imangoti tswii kamodzi, nkukhala chete pafupifupi mphindi yathunthu, pomwe ikamva mpweya woipa imalira mwamphamvu mobwerezabwereza, mitundu yambiri kanayi kanayi. Funso la masekondi 10 limenelo. Sindinafunsenso kuti kali pati, ine m'mutu mwanga kanali pashelefu paja, osadziwa kuti shelefuyo inachoka kalekale ndipo biluda anakakweza nkukasiya pakhonde la m'kati, pamwamba pa masitepe otsikira kunsi.

Lachinayi cham'ma 10 koloko m'mawa mmodzi mwa anyamata aja anandiimbira, landilodi anamupatsa nambala. Akuti ankolo musavutike kuthamanga, takaika panja kumabini, kasiya kulira, kungoti tikakalowetsa pakapita kanthawi kakumayambanso. Thupi langa lonse linachita tsembwe. Alamu yowonongeka sisankha malo, ikalira m'nyumba nkukhala chete pamphepo ndiye kuti ikunena zoona. Ndinamufunsa ngati m'nyumbamo muli wina akudwala mutu, akuti ife pang'ono chabe koma asisi akunsi ndiye akudwala malungo sabata yachitatu ino. Akunsi kuti? Mpamene ndinamva koyamba kuti m'besimenti muja mukugona munthu. Ndinamuuza atsegule zitseko ndi mawindo, azimitse hita, akagogode kunsiko, ine ndinasiya zipangizo pa ntchito ya eni ake nkuliza galimoto.

Kachipangizo kanga koyezera CO ndimakayatsira panja nthawi zonse kuti kayambire pa 0. Pakhonde la m'kati kanawerenga ma ppm 10 ndi kanthu (ppm ndiye muyezo wa kuchuluka kwa CO mu mpweya), zitseko zili zotsegula kale. Pamwamba pa masitepe kanadutsa 30, ndipo pa ntchito yathu tikadutsa 30 timasiya zonse, kuzimitsa, kutulutsa anthu. Mnyamata uja anati wagogoda koma sakuyankha bwino, chitseko nchokiya. Apa panalibe zoti ndidikire, ndinamuuza aime pamwamba aziyang'ana, ndikapanda kutuluka msanga asatsike aimbe 999. Tinathyola loko, pansi pa chitseko mtsikana uja anali atatsekapo ndi thaulo poopa mphepo, m'katimo kachipangizo kanakwera kupitirira 200, apo nkuti boyila itazima kale mphindi zingapo. Mtsikanayo anali maso koma ngati woledzera, wasanza m'beseni, miyendo yosagwira. Ndinati chemwali tiyeni panja, akuti achimwene ndisiyeni ndigone pang'ono ndili ndi shifiti usiku. Tinamunyamula awiri mpaka panja pa msewu, kenako ndinabwerera kamodzi kokha kukatseka gasi pa mita. Ambulansi poyamba, kenako 0800 111 999, nambala ya ngozi za gasi ija, aliyense akhale nayo mu foni.

A ambulansi ndinawauza nambala zomwe ndinawerenga ndi nthawi yake, zimenezi zimawathandiza chifukwa CO imayamba kuchoka m'magazi munthu akangotuluka panja, pa mpweya wamba theka lake limachoka pa maola ngati 4 mpaka 6, pa okosijeni wa kuchipatala ola limodzi ndi kanthu, nde akachedwa kuyeza magazi nambala imaoneka yaing'ono kuposa momwe zinalili. Anyamata atatu aja ndinawakakamiza nawonso apite kuchipatala.

Mtsikana uja atachira anandifotokozera momwe zinkakhalira, ndipo ndikulemba chifukwa ife Amalawi mutu uliwonse timati malungo. Mutu, chizungulire, nseru, kufooka, zizindikiro zake nzofanana ndithu, ndipo kwa munthu wongobwera kumene kuganizira malungo si kulakwa, akayezetse. Iye anamwa LA yemwe ananyamula kumudzi, osasintha. Ku ntchito ankadziyeza ndi kachipangizo kapachala koyezera okosijeni m'magazi kaja, kakuonetsa 98, iye nkumati nde ndili bwino. Koma kachipangizo wamba kapachala sikasiyanitsa magazi onyamula okosijeni ndi magazi onyamula CO, kamangowerenga zonse pamodzi. CO imakakamira ku magazi mwamphamvu kuposa okosijeni koposa ka 200, ilibe fungo, ilibe mtundu. Chomwe akanagwirira nchoti akafika ku ntchito pakati pausiku mutu unkasiya, akabwerera kunyumba nkuyambanso. Iye ankati nkutopa ndi naiti. Tonsefe tinakula tikumva za anthu opezeka atafa m'mawa mwezi wa Juni kapena Julaye chifukwa cholowetsa mbaula m'chipinda nkutseka mawindo, mpweya wake ndi womwewu, kungoti kuno mbaulayo yabisala mu kabati yopaka penti yoyera nde munthu suiganizira.

Bambo aja anafika madzulo, akunjenjemera, koma mawu awo oyamba anali akuti mphwanga, ngati ndi mabowo aja gumulani pompano muyatse, anyamatawa afa ndi kuzizira. Ndinakana. Ndinati bambo, munthu wapita kuchipatala chifukwa cha gasi, nkhaniyi yatuluka m'manja mwanga ndi mwanu, imakalembedwa ku HSE, bungwe la boma loona za chitetezo pa ntchito, pansi pa RIDDOR, malamulo operekera lipoti la ngozi, ndipo kubwera anthu odzafufuza, chilichonse chikhale momwe chilili. A ngozi za gasi anali atadula kale nkumata chizindikiro choletsa kugwiritsa ntchito. Anzanga, apa mpamene munthu umayesedwa, wamkulu wakwanu akukuchonderera m'chinenero chanu, akukumbutsa kuti ndinu amodzi. Ukagumula khoma lija wafafaniza umboni, ndipo boyilayo olo mabowo atatseguka inali yosaloledwabe pamalo amenewo. Ndinawabwereka mahita awiri a magetsi a mu vani. Mbali yanga ya lipoti, ya zida za gasi zopezeka zoopsa, ndinaitumiza sabata yomweyo, malire ake ndi masiku 14.

Tsiku lofufuza anandilola kukhalapo poti ndine ndinaiona komaliza. Atayatsa boyila chitseko cha kuchipinda chili chotsegula, utsi woyezera unkakwera mu flue, paipi yotulutsira utsi, mwaulesi koma unkakwera. Atatseka chitseko nkuyatsa fani ya kushawa, utsi uja unatembenuka nkuyamba kutulukira m'chipinda tikuona ndi maso. Fani ikutulutsa mpweya kunja, mabowo olowetsa atsekedwa, nde chipindacho chinkakoka mpweya kudzera pa bowo lokhalo lotsala, lomwe ndi chumuni. Boyila nkumapumanso utsi wake womwe, moto nkusanduka wachikasu, mwaye nkudzaza m'kati, CO nkumachulukirachulukira. Fumbi la plasterboard ndi ubweya wa kapeti yatsopano zinali zitatsekanso burner, poyakira moto pa boyila. Ndiye taonani ndondomeko ya mtsikanayo, amafika cham'ma 8:30 m'mawa, amasamba, fani imapitirira kuzungulira kwa kanthawi akazimitsa getsi, amatseka chitseko, thaulo pansi, nkugona pomwe anzake ambiri apita ku ntchito. Tsiku lija zinangochitika kuti mnyamata mmodzi anali pa ofu.

Bambo aja ankangobwereza kuti koma ma alamu ndinaika. Analipo awiri a utsi, ina pansanjika ya khomo lolowera, ina m'mwamba, onse a batire osalumikizana, ya m'mwambayo deti yake inali itadutsa, izi zimakhala zaka 10 basi. Kunsi kunalibe olo imodzi. Ndinakhala nawo pansi nkuwafotokozera. Ku England lamulo la ma alamu m'nyumba za lendi ndi la 2015, linakonzedwanso kuyambira pa 1 Okutobala 2022. Limafuna alamu ya utsi pa nsanjika iliyonse yomwe pali chipinda chokhalamo anthu, ndipo bafa kapena toileti imawerengedwanso. Besimenti ya njerwa yosungiramo katundu ikhoza kukhala kunja kwa lamuloli, koma tsiku lomwe mwaikamo bedi kapena shawa yasanduka nsanjika yofuna alamu yakeyake. Limafunanso alamu ya CO m'chipinda chilichonse chokhalamo anthu chomwe muli chida chokhazikika choyaka moto, boyila ya gasi, ya mafuta, chitofu cha nkhuni, kupatula kuka ya gasi. Asanafike Okutobala 2022 zinali za nkhuni ndi malasha zokha, nchifukwa chake malandilodi akale ambiri adakali m'mbuyo. Ma alamu ayenera kuyesedwa tsiku loyamba la lendi, ndipo wa lendi akanena kuti yawonongeka ndi udindo wa landilodi kukonza kapena kusintha. Khansolo ikapereka notisi muli ndi masiku 28, mukapanda kumvera chindapusa chimafika £5,000. Amene muli ku Scotland zanu nzolimba kuposa apa, kuyambira Febuluwale 2022 nyumba iliyonse, olo yanuyanu, iyenera kukhala ndi ma alamu olumikizana.

Koma ndinawauzanso kuti alamu ndi mbali yaing'ono ya mlandu wawo. Malamulo a gasi a 1998 amaletsa kusintha nyumba m'njira yoika chida cha gasi pa ngozi, kutseka njerwa zija ndi zimenezo. Amaletsanso boyila yopitirira 14 kW m'chipinda chogona ngati si ya room sealed, yokoka mpweya kunja nkutulutsira utsi kunja komweko osakhudzana ndi mpweya wa m'chipinda, ndipo kabati ya m'chipindamo imawerengedwa ngati chipindacho. Cheki ya miyezi 12 iliyonse anaidumpha kawiri. Ndikanangotsika masitepe aja mu Ogasiti, boyila ija ndikanaizimitsa tsiku lomwelo.

Panalinso nkhani ya pothawira moto, yomwe si ya gasi koma sindikanaisiya. Chipinda chogona cha kunsi chimafunika khomo lakunja kapena windo lothawira, kapena masitepe otetezedwa ku moto otulukira panja. Windolo potseguka pake pasachepere 0.33 sikweya mita, 450 mm m'litali ndi m'lifupi kapena kuposa, ndipo pansi pake pasatalike kupitirira 1100 mm kuchokera pansi. Apa panali kagalasi kosatsegula, masitepe nkumatulukira pafupi ndi khomo la kukhitchini komwe moto wambiri umayambira. Moto utabuka m'mwambamo utsi umakwera, alamu ya pakhonde ikulira kuseri kwa zitseko ziwiri, munthu wa naiti ali m'tulo tofa nato kunsi, podzadzuka njira yake yokhayo yatsekeka. Nchifukwa chake ine pa besimenti sindivomera ma alamu osalumikizana olo lamulo la 2015 silinena mtundu wake.

Pokonza tinachita motere. Boyila yakale inachotsedwa, sindinafune nkomwe zokambirana zoikonza. Bambo ankafuna yatsopano ikhale pomwepo kuti mapaipi asachuluke, ine ndinaumirira kuikweza kukhitchini, ya condensing, room sealed, flue yaifupi yotulukira pakhoma la kumbuyo yooneka yonse. Kunsi kukanafunika flue yaitali yodutsa mu siling'i, yofuna timakomo toyang'anira majoini, komanso pampu ya condensate, madzi otuluka mu boyila ya mtunduwu, zonsezo ndi malo ena oti chinthu chidzalakwike mtsogolo. Mtengo unakwera ndithu koma anavomera. Ma alamu a utsi ndinaitana mnzanga wa magetsi, anaika a Grade D1, a magetsi okhala ndi batire yomatiratu, mwa dongosolo la LD2, loika ma alamu m'njira zothawira ndi m'zipinda zomwe moto ungayambire, monga muyezo wa ma alamu wa BS 5839-6 umalangizira pa nyumba za lendi, onse olumikizana kuti imodzi ikalira zonse zilire. Kunsi anaika ya optical pa siling'i, 300 mm kutali ndi khoma ndi getsi, motalikirana ndi khomo la shawa kuti nthunzi isamainamize, chifukwa alamu yolira pachabe anthu amaichotsa. Kukhitchini anaika ya kutentha osati ya utsi.

Ya CO ndinaika ndekha, yokhala ndi chizindikiro cha BS EN 50291, pakati pa mita 1 ndi 3 kuchokera pa boyila, pakhoma m'mwamba kuposa chitseko koma 150 mm kutsika kuchokera ku siling'i, yomangidwa ndi masikuluwu. Chiyambire nkhaniyi sindisiyanso alamu pashelefu, chinthu chongokhazika aliyense amachinyamula. Mnyamata wina anandifunsa kuti bwanji osaika pansi poti mpweya woipa umatsika. Umene umatsika ndi gasi wa m'masilinda, CO kulemera kwake nkofanana ndi mpweya wamba ndipo imatuluka yotentha nde imayamba yakwera. Ndinawafotokozeranso kuti alamuyi sinapangidwe kuti izilira msangamsanga, pa 50 ppm imadikira mphindi 60 mpaka 90, pa 100 ppm mphindi 10 mpaka 40, pa 300 ppm isanakwane mphindi 3. Nde ija inkalira pamwamba pa masitepe, kutali ndi boyila, kuseri kwa chitseko chotseka ndi thaulo, tangoganizani kunsi kunali bwanji. Ndinaikanso ina kunsi komweko ngakhale kulibenso chida choyaka, chifukwa nyumba zogundizanazi machumuni ake ndi akale ndipo utsi wa aneba umatha kudutsa m'ming'alu.

Mtsikanayo anagona kuchipatala usiku umodzi pa okosijeni, magazi anatsimikiza kuti inali CO, malungo sanamupeze nawo. Mutu ndi kuiwalaiwala zinamuvutitsa masabata angapo, anajomba mashifiti ambiri ndithu ndipo ankaopa kwambiri za viza yake. Sanafune kuonanso masitepe aja, anasamukira kwa mayi ena a ku tchalitchi. Landilodi anamubwezera dipoziti ndi lendi ya miyezi yomwe anadwala. A khansolo atabwera analetsa kugona m'besimentimo mpaka pothawira patakonzedwa ndipo a building control atavomereza ntchito yonse. Biluda uja foni yake inasiya kupezeka.

Ndinabwererako mu Novembala 2024 kukachita cheki, ulendo uno bambo aja anaimba okha mwezi usanakwane. Windo lothawira silinakumbidwebe, akuti ndalama, nde kunsi kuli masutikesi ndi njinga basi. Ndinadina batani la alamu ya kunsi, nyumba yonse inalira mpaka m'mwamba. Anyamata awiri mwa atatu aja anali atasamuka, kwabwera ena atsopano omwe sanamvepo za nkhaniyi, nde ndinawaimika pakhonde mphindi zisanu, ndinawamvetsera kulira kwa utsi ndi kulira kwa CO kuti azisiyanitsa, ndinawaonetsa potsekera gasi pa mita, nambala ija ndinailemba pa stika nkumata pa chitseko cha filiji.